Kabokosi Kofiira

Madzi atasefukira, choyamba kufa chinali netiweki ya mafoni. Kenako mlatho unapita, ndipo tauni yonse inatsala ikudalira azibambo ochepa amene kale inkawaseka kuti amasewera ndi mawailesi olankhulirana ngati ana. Mmodzi wa iwo anali bambo amene anthu ankangomutchula kuti Wamagetsi. Anamupatsa tebulo m'chipinda chapamwamba kwa ozimitsa moto, pafupi ndi zenera pomwe anatulutsira waya wake n'kukaumanga pa thanki yamadzi. Pansi pa tebulopo panali batire, pamwamba pake wailesi ndi kompyuta yakale yothothoka mabatani.

Tsidya lina la mtsinje, pasukulu pomwe anthu anathawira, panali wailesi ina. Mwini wake anali makaniko, mwamuna wa mlongo wake wa Wamagetsi. Awiriwa sankamwerana madzi. Chidanicho chinayamba makaniko atabwereka mlongoti wa wailesi ya Wamagetsi n'kuubweza uli wopindika, popanda ngakhale pepani. Wamagetsi anamunena pamaso pa gulu lonse la amawailesi kuti ndi munthu wopupuluma, wa manja oyenera nyundo basi. Makaniko naye anamutcha mphunzitsi wopanda sukulu, ndipo dzinalo linakakamira chifukwa linali ndi kachoonadi. Mlongoyo anayesa kuwayanjanitsa mpaka anatopa. Tsopano anali woyembekezera, masiku ake atakwana, ndipo madzi anamupezera tsidya lomwelo.

Tsiku limenelo mawu apakamwa sankadutsa pa wailesi. Mphezi ndi majenereta zinadzaza m'mwamba monse ndi phokoso ngati la mafuta otentha m'poto. Chimene chinkadutsa ndi uthenga wolemba wokha. Pulogalamu ya pakompyuta inkadula uthenga m'zidutswa zing'onozing'ono, chilichonse ndi nambala yake, ndipo kolandira inkaona ngati chidutswa chafika bwinobwino. Chikafika chathunthu, kabokosi kake kankasanduka kobiriwira. Chikaonongeka panjira, kabokosiko kankafiira, ndipo pulogalamuyo inkakana kuonetsa mawu ake. Wolandira ankangodina batani limodzi lopempha chidutswa chosowacho, wotumiza n'kudina lake, nkhani yatha. Wamagetsi ankaikonda pulogalamuyi kuposa mmene ankakondera anthu ambiri, chifukwa sinkalotera zimene sinamve.

Uthenga wa makaniko unafika masana, mvula itayambiranso. Timabokosi tinayamba kubiriwira kamodzikamodzi, koma kena ka pakati kanafiira. Zimene zinaoneka zinali zakuti madzi alowa m'makalasi, anthu onse akuchoka pasukulupo akuyenda wapansi, ndipo mkazi wake wayamba kumva kupweteka. Kenako panali mpata. Pambuyo pa mpatawo panali mawu akuti boti libwere msanga, ndiponso kuti batire yake yatsala pang'ono kutha. Malo amene ankapita, ndi amene anagwera m'kabokosi kofiira kaja.

Wamagetsi anadina batani lopempha chidutswacho. Kunali zii. Anadinanso, koma tsidya linangokhala chete, ndipo iye anadziwa chifukwa chake. Makaniko anali ndi chizolowezi chotumiza uthenga n'kuzimitsa wailesi pomwepo, ati kusunga batire, osadikira kumva ngati wafika. Pa maphunziro a gulu anamuuza kangapo kuti uthenga sunathe mpaka wolandira atavomera, iye n'kumangoseka. Lero chizolowezi chomwecho chinasiya mlongo wa Wamagetsi akuyenda m'madzi, kolowera kosadziwika.

Woyendetsa boti anakwera masitepe akudontha madzi, jekete lake lopulumutsira lili pamapewa. Anali munthu wosakonda zolankhula zambiri, ndipo amawailesi ankawaona ngati anthu ochedwetsa ntchito. Anawerenga uthengawo ataima kumbuyo kwa Wamagetsi, n'kunena kuti mafuta amene ali nawo ndi a ulendo umodzi wokha, komanso kumunsi kuli anthu ena padenga la nyumba yosungira katundu, omwe malo awo akudziwika. Wamagetsi anati mwina anthu a kusukulu aja apita kutchalitchi cha pamtunda. Woyendetsa boti anati mwinanso kufakitale ya njerwa, mwinanso kumsewu waukulu, ndipo malo atatuwa ali kutalikutali.

"Ine sindiyendetsa boti ndi mwina, bambo. Mundiuze malo, apo ayi ndikupita kumunsi."

Wamagetsi anamupempha kuti adikire pang'ono. Woyendetsa botiyo anakhala pampando wa pakhomo n'kuyamba kufinya masokosi ake pansi, maso ali pa khosi la Wamagetsi. M'chipindamo munkanunkha nsapato zonyowa ndi utsi wa jenereta. Wamagetsi ankadina, kudikira, kudinanso, ndipo pa kudikira kulikonse mkwiyo unkakula. Anakumbukira mlongoti wopindika uja. Anakumbukira kuseka kwa makaniko, ndi mmene iye mwini analetsera mlongo wake kukwatiwa ndi munthu ameneyu koma osamveredwa. Mantha ndi chidani zinasakanikirana mpaka sankathanso kuzisiyanitsa.

Ndiye wailesi inalira kaphokoso kake kodziwika, ndipo pa kompyuta panatuluka mzere waufupi wochokera tsidya: "Mwalandira? Boti lili kuti?"

Apa panafunika chala chimodzi pa batani limodzi. Wamagetsi ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense m'tauniyo, ndipo ndiye ankaziphunzitsa kwa ena. Koma funso lakuti boti lili kuti linamuyabwa ngati kuti wolakwa ndi iyeyo. Anakokera kompyuta pafupi n'kuyamba kulemba. Analemba kuti boti silingapite kumalo amene munthu wopusa walephera kutchula. Analemba kuti zaka zonsezi makaniko sanaphunzire kanthu, kuti amazimitsa wailesi ngati akuzimitsa kandulo, ndipo ngati chilichonse chingachitikire mlongo wake, mlandu udzakhala pamutu pake. Pempho la chidutswa chosowa lija analiika kumapeto kwenikweni, ngati chinthu chokumbukira mochedwa. Woyendetsa boti anafunsa ngati mawu onsewo ali ofunika. Wamagetsi anangotumiza.

Kunena zoona, atatumiza anamva kukoma. Zinali zinthu zimene anazisunga m'mimba kwa nthawi yaitali.

Yankho silinachedwe. Wailesi inayamba kulira, ndipo Wamagetsi anayang'anitsitsa kabokosi kofiira kaja, kudikira kuti kasinthe. Sikanasinthe. M'malo mwake panatseguka mzere wina wa timabokosi tatsopano, ndipo tinayamba kubiriwira kamodzikamodzi, popanda kuphonya. Phokoso la m'mwamba linali litachepa panthawiyo, njira ili yoyera kuposa mmene inalili tsiku lonse. Chidutswa chosowacho chikanadutsa mosavuta. Koma makaniko naye anali munthu wa magazi otentha, ndipo anayamba ndi kuyankha zimene zinamupweteka.

"Alamu, inu mwakhala pouma ndiye mukundiphunzitsa ntchito. Ine kuno mkazi wanga ndamubereka kumsana, batire ndasenzetsa anthu, madzi akulekeza m'chiuno. Simunandifunepo chiyambire, ndipo lero mwasankha kunditukwana mlongo wanu akulira. Ndamuwerengera zonse mwalembazi, wamva yekha. Chidutswa chanucho ndikutumiza tsopano."

Wailesi inayamba kaphokoso kachiwiri, kaja konyamula chidutswa. Kanamveka kofooka, kanatsika ngati munthu akuusa moyo, n'kuduka pakati. Kabokosi kofiira kanaphethira kamodzi n'kukhala mmene kanalili.

Wamagetsi anadina batani lopempha lija, lokhalokha tsopano, popanda liwu lina lililonse. Anadinanso. Anakweza mphamvu ya wailesi yake mpaka pomaliza, ngati kuti kukuwa kwa iye kungadzutse batire yakufa ya munthu wina. Anachita manyazi amene sanachitepo chibadwire.

Woyendetsa boti anavala masokosi ake onyowawo n'kuimirira. Anafunsa ngati malo atchulidwa, ngakhale anali atawerenga yekha. Wamagetsi anapukusa mutu. Anayamba kunena zoti mwina ayesere kutchalitchi, koma mawuwo anamuthera m'kamwa.

"Anthu a padenga aja ndikudziwa pomwe ali," anatero woyendetsa botiyo. "Pobwerera ndidzera kusukuluko ndikuwe, ngati mafuta alola. Inu tsalani muzilemba."

Mapazi ake anamveka akutsika masitepe, kenako injini inalira panja n'kumka nizilala cha kumunsi. Wamagetsi anatsala yekha ndi kompyuta yake. Anawerenganso uthenga womaliza wa mlamu wake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akufunafuna penapake pamene dzina la malo likanabisala. Panalibe. Uthengawo unafika wathunthu, wopanda cholakwika ngakhale chilembo chimodzi.