Mpando wa Wometa

Mayi woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale sanakhale pansi chifikireni m'mawa. Ankangolowa ndi kutuluka, kuwongola zithunzi zowongoka kale. Chaka chilichonse anthu a m'tauniyo ankadzipereka kudzakonza nyumbayo: omanga kumata ming'alu, atelala kusoka makatani, amayi a mumsika kupukuta magalasi. Tsikulo linali lotseguliranso, koma mtima wake unali m'mwamba chifukwa cha mpando umodzi.

Unali wa mkulu wina wometa tsitsi, amene anameta tauni yonse mpaka maso atachita khungu. Anaupereka ku nyumbayo, koma tsiku lotsegulira sankalephera kudzaugwira. Poika manja panali pokumbika ndi zikhatho za anthu, pena timabowo ta zikhadabo za ana oopa lumo. Mkuluyo ankati akasisita, n'kumatchula eni ake mmodzimmodzi, ambiri a iwo anagona kalekale.

Tsono chaka chino mlamu wake wa mayiyo, kalipentala wa manja oyabwa, anauona mpandowo n'kuumvera chisoni. Anaupala, nauthira vanishi.

"Alamu, ndinati mungomanga mwendo wogwederawo basi!" anatero mayiyo.

"Nanga ndalakwa? Taonani kuwala kwake, ntchentche ikatera ikuchita kuterereka."

Kumukalipira kunali kovuta, munthu wagwira ulere ndipo vanishi wagula yekha. Mayiyo anaganiza zoubisa, koma kuti? Anauphimba ndi nsalu, kenako n'kuichotsa. Ali mkati motero, anamva ndodo ikugogoda pakhonde.

Mkuluyo analowa atagwidwa mkono ndi mwana wake wamkazi. Njira ankaidziwa. Anamupatsa mwanayo ndodo, nawerama, n'kuika zikhatho zonse pa mpandowo. Zala zinayenda, zinabwerera, zinayendanso. Kalipentala uja anazemba mwakachetechete.

"Mwanawe," anatero mkuluyo kwa mayiyo, "uwu mwagula wabwino ndithu. Wanga uli kuti?"

Mwana wake anamuyang'ana mayiyo, maso ali ndi misozi, napukusa mutu pang'ono. Mayiyo ankanyadira kuti m'nyumbamo simunanenedwepo bodza, ngakhale pa chikho chosweka. Koma atayang'ana manja aja akupapasa pa thabwa losalala, analephera kunena zoona.

"Wanu uli kokonzetsa, bambo. Mwendo umagwedera."

"Eya, unayamba kale umenewo." Mkuluyo anaseka, nalandira ndodo yake. Atafika pakhomo anaima n'kutembenuka.

"Koma ukawauze amisiriwo asakhudze poika manja. Kumanzereko kuli timabowo titatu ta mwana wanga wamwamuna, amene anandisiya ali wamng'ono uja. Chithunzi chake ndilibe. Ndidzabwera chaka chamawa kudzamuona."

Mayiyo anayankha kuti akawauza.