Timaenje ta Pansi pa Zenera

Anzake kuntchito yomanga ankamutcha Levulo, chifukwa sankalola chinthu chopendekeka. Mayi ake atamwalira, abale anagwirizana kuti m'nyumba ya malemu mulowe mwana wamkazi wa Levulo, amene anali woyembekezera. Levulo anati ayambe waikonza.

M'chipinda cha malemu, pansi pa zenera, simenti inali ndi timaenje tiwiri tosalala. Pamenepo ankagwada agogo ake aamuna, kenako mayi ake, m'mawa uliwonse. Levulo analeka kupemphera ali mnyamata, ndipo kwa iye malowo anali ongowonongeka basi.

"Musakwirire pamenepo, achimwene," anatero mlongo wake wamkulu, amene anabwera kudzalongedza zovala za malemu.

"Mukufuna mdzukulu wanga adzaphunzire kuyenda m'zigwa, achemwali?"

Anagumula, n'kuthira simenti yatsopano, n'kusalaza. Chitseko anakhoma, kiyi anapita naye. Atatsegula m'mawa mwake, timaenje tinalipo, ndipo m'kati mwake munadindika mizere ya nsalu. Kuchokera pakhomo kufika pazenera panalibe phazi la munthu.

"Mchengawu ndi wadothi," anatero, osayang'ana mlongo wakeyo.

Anagumulanso. Ulendo uno atasalaza anakhala pa ndowa pakhomo, dzuwa lili paliwombo, maso ali pasimenti. Kunja kunkadutsa magalimoto. Kenako anaona simenti yaiwisi ija ikulowa pansi pang'onopang'ono, kumanzere kaye, kumanja pambuyo pake, mochedwa. Umu ndi mmene mayi ake ankagwadira chiyambireni bondo lawo lakumanja kuvuta.

Mwana wake anamupeza atakhala pomwepo. Anayang'ana pansi pa zenera nthawi yaitali, atagwira mimba yake.

"Ababa, kodi agogo ankati chiyani akagwada apa? Ine ndinkangomva kunong'ona. Ndikufuna ameneyu adzalimve pempherolo."

Levulo anafuna kunena kuti anaiwala. Koma anadzuka, n'kuponda simenti yakeyo, n'kugwada pambali pa timaenjeto, osati momwemo. Chinyezi chinalowa m'thalauza. Mawu anatuluka mokakamira ngati chitseko chadzimbiri.

"Ambuye, mwatidzutsa. Musatisiye tokha lero. Mutisunge ife, ndi ana athu..."

Anakakamira pamenepo, mawu otsatira atamuthawa. Kuchokera pabalaza kunamveka mawu a munthu wamkazi, otsika, osafulumira: "Ndi amene sitidzawaona."

"Ndi amene sitidzawaona," anabwereza Levulo. "Ameni." Anatembenukira kuchitseko. "Zikomo, achemwali."

Mwana wake anamugwira paphewa.

"Azakhali ndakumana nawo pasiteji, ababa. Akwera basi ndikuona."

Anamvetsera onse awiri. Pabalaza panali zii. Levulo sanapite kukasuzumira, ndipo mwana wakeyo sanamuuze kuti apite. M'malo mwake mwanayo anatsamira khoma, poti ndi mimbayo kugwada sakanatha, n'kunena kuti, "Yambiraninso. Pang'onopang'ono, kuti ndigwire."

Levulo anayambiranso. Mwanayo ankatsatira pambuyo, mawu ndi mawu, ndipo atalakwitsa pakati, amene anamukonza anali bambo ake.

Madzulo ake Levulo anatsuka zida zake pampopi. Mkamwini wake atafunsa ngati chipindacho chatha, anayankha kuti chatha, koma bedi adzaike kukhoma linalo.