Siginecha ya Yunike

Masiku a chipani chimodzi, Yunike Mwenitete, kalaliki wa maakaunti pakampani ya mpunga ku Karonga, ankafuna dipuloma ya ku Blantyre. Koma pankafunika siginecha ya bwana wake, yemwe chaka chilichonse ankangoti, "Dikirani kaye, mayi, malo a anthu akumpoto adzaza."

Panalinso maphunziro a ku London, ochitira papositi. Anali odula ndi owawa, koma sankafuna chilolezo cha munthu. Yunike anagulitsa ng'ombe imene anamusiyira bambo ake, n'kulembetsa.

"Ochonga mayeso kumeneko sadziwa kuti Mwenitete kwawo n'kuti," anawauza amayi ake.

Yunike anagwa mayesowo, anabwereza, mpaka anakhoza, n'kukwezedwa kukhala wotsimikizira mabuku a ndalama a kampaniyo.

Kuyambira pamenepo, mabuku a bwana uja sankapita kulikulu Yunike asanasaine. Ndipo bwanayo ankadikira.