Wapolisi wa Mchere

Chipinda cholemberamo chinali ndi matebulo awiri, makompyuta awiri, fani imodzi yomwe inkazungulira ikafuna yokha, ndi bokosi lamalata pakhomo. M'bokosimo ndi momwe mafoni ankagona kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Limenelo linali lamulo loyamba la Adokotala, mkulu wa kafukufuku: foni silowa. Adokotalawo sanali a jekeseni, anali a mabuku, mayi wamfupi woyenda ngati wachedwa basi, ndipo ankadandaula kuti alonda a pageti amawaonetsabe zotupa zawo.

Kafukufuku wawo anali wa anthu odwala kuthamanga kwa magazi. Ankafuna kudziwa chifukwa chake munthu amavomera zonse pamaso pa namwino, koma akafika kunyumba n'kuchita zake. Chaka chathacho anafunsa odwala makumi asanu ndi limodzi kuchipatala, n'kujambula mawu awo. Tsopano mawuwo ankafunika kulembedwa, ndipo imeneyo inali ntchito ya anthu awiri. Wina anali Azakhali, omwe anataipa kukhoti zaka makumi atatu ndipo aliyense ankawatchula choncho. Wina anali mnyamata yemwe Azakhaliwo anamupatsa dzina loti Zala, chifukwa zala zake zinkathamanga kuposa nzeru zake.

Ntchitoyo inali ndi miyambo yake. Umavala mahedifoni, n'kulemba liwu ndi liwu. Munthu akatsokomola, ulembe. Akaseka, ulembe. Dzina lokha ayi, aliyense ndi nambala. Zolembazo zikawerengedwanso, Lachisanu lililonse Adokotala ankafufuta mawu a sabata imeneyo, chifukwa ndi zomwe odwalawo analonjezedwa.

Zala anaona chikalata cha ntchitoyi pakhoma la chipatala chomwecho, tsiku lomwe anapita kukabweza mapiritsi omwe amayi ake anasiya. Anali atasiya koleji kuti awadwazike, ndipo atamwalira sanaone chobwererako. Miyezi isanu ndi iwiri anthu ankamuuza kuti alimbe mtima, ndipo mtimawo unalimbadi, mpaka unasiya kumva kukoma kwa chilichonse. Chomwe sanauze munthu n'chakuti mawu a amayi ake anali atayamba kumuthawa. Nkhope inalipo pachithunzi. Koma amayiwo sanali munthu wotumiza mawu pafoni. Iwo kunali kuflasha basi, iwe uimbe. Anamusiyira mndandanda wa mafoni osayankhidwa.

Lachiwiri m'mawa Zala anatsegula Nambala 31.

"Moni ndapereka kale panja paja," anatero mawu a m'makutu mwake, "kapena makinawa nawonso akufuna wawo?"

Zala zija zinaima m'mwamba.

Wofunsa anaseka, n'kufunsa zaka. Mayiyo anati zaka amafunsa ng'ombe pamsika. Anafunsidwa ntchito, anati ndi telala, amasoka madiresi a anthu onama za m'chiuno mwawo. Kenako kunabwera kuseka kuja koyamba ngati chitseko cholira n'kuthera m'chifuwa. Zala anakumbukira Lachiwiri lina pomwe anawadikirira amayi ake pabenchi ya chipatala ola lathunthu, iwo n'kutuluka akuti mzere unali wautali.

"Kunyumba amakusamalirani ndani?" anatero wofunsa.

"Ndili ndi wapolisi. Ndinabereka ndekha. Wapolisi wa mchere. Amandiphikira ndiwo zoti ngakhale ntchentche imatera, n'kulawa, n'kupepesa. Botolo la mchere analiika pamwamba pa kabati, kumene ine sindifika. Mwana amene ndinkamubisira shuga ine!"

Zala anaseka, madzi akutsika m'masaya. Nkhondo ya mchereyo anaimenya miyezi khumi, ndipo mawu omaliza omveka bwino omwe anakambirana ndi amayi ake anali a mchere womwewo. Iwo anapempha kachitsine kokha, iye anakana mokalipa. Kuyambira pamenepo ankadzifunsa ngati anawasautsa pachabe.

M'makutu muja mawu anatsika.

"Koma zimene ndikufuna kunenazi sizikafika kunyumba?"

"Ayi, mayi. Aliyense wokudziwani sadzamva."

"Mwalumbira?"

"Ndalumbira."

"Chabwino. Ine mchere wanga ndili nawo. Ndimabisa mu..."

Zala anadina poimitsira.

Anakhala akuyang'ana kamzere ka pakompyuta. Mphindi zisanu ndi imodzi zinali zitapita, zinatsala makumi asanu ndi zinayi. Anatembenukira kubokosi lamalata lija. Kunali kosavuta: kudzuka ngati wopita kuchimbudzi, foni m'thumba, kenako kuigunditsa pahedifoni. Anadzukadi. Anafika mpaka pabokosi, dzanja lili pachivundikiro.

"Chimbudzi anachisamutsira m'bokosi?" anafunsa Azakhali, maso ali pakompyuta yawo.

"Ayi, Azakhali."

"Nanga nkhopeyo yanyowa ndi chiyani? Fani sikugwira ntchito, koma thukuta silituluka m'maso."

"Nambala 31 ndi amayi anga."

Azakhali anavula mahedifoni pang'onopang'ono, n'kuwaika patebulo.

"Mwanawe," anatero, "ine kukhoti ndinaona anthu ambiri abwino atagwira zivundikiro. Tiye kwa Adokotala, ndikuperekeze."

Adokotala anamvetsera nkhani yonse atagwira chipumi. Anapepesa kawiri, n'kunena kuti kulakwa n'kwawo, ankayenera kumufunsa tsiku loyamba ngati ali ndi wachibale yemwe ankapita kuchipatala chija. Kenako anafunsa pomwe analekezera.

"Pomwe analonjezedwa kuti akunyumba sadzamva."

"Unaimitsa wekha?"

"Ndekha."

"Ndiye ukudziwa kale chomwe ndinene."

"Adokotala, sindikupempha zambiri. Ngakhale moni yekhayo. Ndilibe mawu awo pena paliponse."

"Ndikumva, bambo. Koma lonjezolo si langa loti ndingaligawe. Ndi lawo. Anthu aja anatiuza za m'nyumba zawo chifukwa tinati sitidzaulula, ndipo womwalira sindingakamufunse ngati wasintha maganizo." Anapumira m'mwamba. "Nambala 31 alemba Azakhali. Lachisanu ifufutidwa pamodzi ndi zinzake."

Zala anabwerera patebulo lake atapatsidwa Nambala 32, bambo wolankhula ngati akuwerenga malamulo a mpingo, yemwe ankayankha funso lililonse kuti, "Zimenezo ndiye zimatengera." Ndipo pafupi naye, mkono umodzi wokha kutalika kwake, Azakhali anayamba kumvera amayi ake.

Chimenecho chinali chilango chomwe palibe anachiganizira. Azakhali ankayesetsa, ndithu. Ankaluma milomo. Ankatsokomola monama. Koma pakapita mphindi zingapo mapewa awo ankayamba kugwedezeka, kenako mpando wonse.

"Anena chiyani?"

"Sindinganene."

"Za ine?"

"Lemba za bambo wako wa zimatengerayo."

Masana Azakhali anatuluka panja kukaseka bwinobwino. Atabwerera anapukuta magalasi n'kunena kuti, "Mayi ako ndikanawadziwa ali moyo, bwenzi tonse awiri atatithamangitsa mumpingo."

Madzulo Zala anafotokozera achemwali ake, omwe ankakhala nawo m'nyumba ya malemuwo. Iwo anaika mbale pansi.

"Iwe, unali ndi amayi m'makutu, n'kuwazimitsa?"

"Analonjezedwa, achemwali."

"Upolisi wakowo sunathebe? Ukanaba! Ine ndikanaba, n'kukalapa Lamulungu."

Kenako onse awiri anayamba kusaka mchere uja. Anafufuza m'masutikesi, m'matumba a majasi, m'miphika yamaluwa, ngakhale m'kati mwa wailesi yakufa. Anapeza mabatani, makandulo ndi chithunzi cha bambo wina yemwe palibe anamudziwa. Mchere ayi.

Lachitatu Azakhali anaseka tsiku lonse. Lachinayi, nthawi ya tiyi itayandikira, anasiya kuseka. Anabweza mawu m'mbuyo, n'kumveranso. Anabwezanso kachitatu. Kenako anadzuka, hedifoni ili m'khosi, waya n'kukoka kompyuta mpaka m'mphepete mwa tebulo.

"Khala pomwepo," anauza Zala. "Usagwire kanthu. Ukagwira ndikuthyola zala zomwezo."

Anapita kwa Adokotala. Zala anamva chitseko, kenako phokoso la kabati yazitsulo momwe ankasungira mafomu a chilolezo. Patapita nthawi anamuitana.

Adokotala anali ndi pepala m'manja. "Sindikuuza zomwe zili m'kati," anatero. "Ndikuuza za kumapeto zokha, chifukwa zikukukhudza. Wofunsa uja atatseka mafunso anawakumbutsa mayi ako kuti mawu adzafufutidwa. Azakhali, werengani."

Azakhali anakonza magalasi n'kuwerenga ndi mawu a kukhoti. "Nambala 31: Kufufuta? Ine ndalankhula ola lonse, pakhosi pauma, inu mukafufute? Ayi. Ndikadzapita mudzam'patse wapolisi wanga. Panopa ayi, angandilande mchere. Koma ndikadzapita mum'patse. Ine akamandimva amayankha, mwina makina adzawamvera mpaka kumapeto. Lembani pamenepo ndisaine. Akuseka."

"Ndipo anasainadi," anatero Adokotala, akumuonetsa m'munsi mwa fomu. Panali mizere iwiri ya wofunsa uja, yemwe anachoka ntchito kafukufuku ali pakati, ndipo pansi pake panali siginecha yomwe Zala ankaidziwa kuchokera pa malipoti ake onse a sukulu, yopendekera ngati ikukwera phiri. "Fomuyi inalowa m'kabati, palibe anaitembenuzanso."

Zala anatambasula dzanja.

"Dikira," anatero Adokotala. "Pamwamba panga pali komiti yoona kuti ochita kafukufuku tisapondereze anthu. Ndiyenera kuwalembera. Koma mawa Nambala 31 sindifufuta."

Komitiyo inatenga masabata asanu. Zala anaphunzira kuti anthu ophunzira kwambiri akafuna kunena kuti inde, amayamba akumana kawiri. Pa masabata amenewo anamaliza bambo wa zimatengera, n'kulemba anthu ena asanu ndi atatu, ndipo anayamba kuona chinthu. Pafupifupi aliyense anali ndi wapolisi wake kunyumba, ndipo pafupifupi aliyense ankamunamiza mwachikondi. Atawauza Adokotala, iwo anamuuza kuti alembe zimenezo tsamba limodzi, abweretse Lolemba.

Yankho la komiti linabwera ndi mfundo imodzi: mwana apatsidwe mawu a mayi ake, koma pachotsedwe paliponse pomwe mayiyo anatchula matenda kapena zinsinsi za anthu ena, chifukwa enawo sanasaine kanthu. Azakhali ndi amene anadula. Pa ola lathunthu panatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Zinazo zinali za anthu a mumsewu mwanu," anatero pomupatsa Zala kafulashi kosungiramo mawuwo. "Nyumba ndi nyumba. Ine tsopano ndikudziwa amene ali ndi shuga, amene ali ndi chibwenzi, ndi amene ali ndi zonse ziwiri. Ndifa nazo."

Loweruka masana Zala ndi achemwali ake anakhala pabalaza, wailesi yobwereka ili patebulo. Amayi awo anapatsa makina moni. Achemwali anagwira pakamwa. Anafika pa ntchentche yopepesa ija, achemwali n'kumumenya Zala paphewa. "Ndinkakuuza ine kuti ndiwo zako zinali chilango!"

Kenako mawu anatsika.

"Ine mchere wanga ndili nawo. Ndimabisa mu kabokosi ka makina osokera, m'chitini cha mapini. Wapolisi amaopa makina anga, anadzibaya ali mwana."

Onse awiri anatembenuka. Makinawo anali pakona pomwe anakhala nthawi zonse, atafundidwa nsalu yawo. Posaka paja anawalambalala, chifukwa chiwafundireni palibe analimba mtima kuwavundukula.

"Ndiye mumathira wambiri?" anafunsa wofunsa.

"Ndithire? Mwana wasiya sukulu chifukwa cha ine, ndiye ndimuphere ntchito yake? Ayi. Ndimangotsegula, n'kuuyang'ana, n'kunyambita chala kamodzi Lamulungu. Munthu umafunika kukhala ndi kanthu kako komwe sakudziwa. Koma musakamuuze kuti ndimamumvera, angakule mutu. Mutuwo ndi waukulu kale, ndinavutika nawo pobereka."

Achemwali anaseka mpaka kutsetsereka pampando. Zala anadzuka, n'kuvundukula makina aja, n'kukoka kabokosi. Chitini chinalimo, pansi pa ulusi wofiira. Anachitsegula. Chinali chodzaza pafupifupi mpaka pakamwa, ndipo pakati pa mcherewo panali kadzenje kakang'ono, kukula kwake ngati nsonga ya chala.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita nacho kukhitchini, komwe mphika unali pamoto.

"Iwe, usathire wonse!" anakuwa achemwali.

"Kachitsine kokha."

"Ndiye ubwere msanga, ndaimitsa. Akuyamba za mutu wako."