Bedi la Amake Christine

Inali sikisi koloko m'mawa, ndipo kamphepo kozizira ka mwezi wa Meyi kanali katayamba kale ku Libala. A Chipasha anaima kuseri kwa nyumba atanyamula keni yothirira mbewu, koma sanathirire. Kabichi wawo anali kufanso. M'mphepete mwa masamba munali mutachita chikasu, timitsempha take titada.

Chiwachotsereni ntchito ku fakitale ya ku Heavy Industrial Area mu 1996, ndiwo za pakhomopo zinkachokera m'kadimba aka. Kabichiyo anali wa savoyi, uja wa masamba a makwinya. Amene anayamba kumulima anali malemu mkazi wawo, Emmy, pabedi la pafupi ndi mpopi. Emmy atamwalira, a Chipasha anapitiriza kuwokera pomwepo. Tsopano m'kachitini ka malemuwo munali mutatsala njere zosadzaza n'kasupuni komwe.

Mwana wawo Christine anatuluka atafunda chitenje.

"Adadi, njele zasala ni izi chabe. Zikafa izi, zasila, kulibe zina."

"Nidziwa. Tizafesa lelo, tizaika pamene apa."

Kuseri kwa mpanda kunamveka moni wa a Imelda, aneba awo, amene ankagulitsa ndiwo zamasamba ku City Market ndipo anaphunzirako za ulimi kwa alangizi ku gulu la amayi a kutchalitchi.

"Muli shani, ba Chipasha? Mwaimilila monga mulindila basi ya ku tauni."

"Bwelani muone, amai."

A Imelda anazungulira pageti. Anazula kabichi mmodzi, napempha mpeni, nadula tsinde. M'kati munali mzere wakuda wozungulira.

"Mwaona? Aya ni matenda owoletsa. Amasala m'dothi, mu zotsalila za kabichi wakale. Mwalima kangati apa?"

"Aka ni kachinayi."

"Ndiye mlandu wake. Zulani onse, muwotche, osaika ku manyowa. Kabichi apite kuja ku mpanda. Apa pasabwele kabichi, repu olo chainizi kwa zaka zitatu, chifukwa onse ni banja limodzi. Ikaniponi nyemba na anyezi. Pothilila, madzi azipita pansi, osati pa masamba."

A Chipasha anayang'ana bedilo kwa nthawi.

"Apa anasankha ni amake Christine," anatero motsitsa mawu.

Kumsewu kunadutsa minibasi, kondakitala akuitanira anthu.

"Ninalipo tsiku lija," anatero a Imelda. "Anasankha apa chifukwa ni pafupi na pompi. Msana unali kuwavuta, keni inali kuwalemela. Sembe alipo lelo, akanasamutsa kabichi kale-kale. Ba Emmy sanali kusewela na ndiwo."

Christine anatenga keni m'manja mwa bambo ake.

"Madzi nizatapa ine, adadi. Ku mpanda si kutali."

A Chipasha analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu.

Tsiku lomwelo anazula kabichi yense wodwala n'kumuwotcha pakona. Anatsuka khasu ndi mpeni, nafesa njere zija pa nazale yatsopano kumpanda. Patatha masabata asanu anawokera mbande makumi awiri ndi zitatu, motalikirana phazi limodzi ndi theka. Christine ankathirira m'mawa uliwonse asanapite ku koleji. Bambo ake ankatembenuza masamba limodzilimodzi, poti m'makwinya a savoyi ndimo mumabisala nsabwe ndi mbozi.

Mu Seputembala anadula mutu woyamba. Mbande ziwiri zokha ndizo zinafa. A Chipasha anadula tsinde ndi mpeni, ndipo m'kati munali moyera. Mutuwo anaupatsira a Imelda pamwamba pa mpanda.

"Iyee! Uyu pa City Market angayambitse ndeu," anatero a Imelda akuupima m'manja.

Phunziro lake ndi ili: musabzale kabichi pamalo amodzi chaka ndi chaka. Sinthani mbewu pabedi, zulani ndi kuwotcha yodwala, ndipo thirirani pansi. Dothi likapuma kwa zaka zitatu, matenda amachepa ndipo banja silisowa ndiwo.

Pabedi la amake Christine, nyemba zinali zitayamba maluwa. A Chipasha anaziyang'ana pang'ono, kenako anatsegula mpopi n'kutchera keni.