Magazi a ku Nathenje

Chaka chija matipate atangolowa, ku Mitundu kunabwera dokotala wofufuza za malungo. Ankayerekeza magulu awiri: anthu amene malungo amawagwetsa pafupipafupi, ndi ena aja udzudzu umangotaya nawo nthawi. Ankati m'magazi muli zizindikiro zotengera kwa makolo, ndipo chimodzi chikachuluka m'gulu limodzi kuposa mwangozi chabe, mwina ndicho chikuwateteza.

Ntchito yosonkhanitsa gulu lolimbalo inagwera Zakeyu wa mu labu. Dokotala anamulonjeza kosi ku Blantyre zikayenda bwino, ndipo Zakeyuyo, phuma lakelo, sutikesi anagulatu.

Lamulo linali limodzi: asatenge anthu apachibale. Achibale amafanana magazi, masamu onse amawonongeka.

Zakeyu anapalasa njinga kupita kwawo ku Nathenje. Aliyense ankamufunsa bwinobwino: mayi anu ndani, amalume anu ndani? Palibe awiri anatchula mbumba imodzi. Za bambo sanafunse n'komwe. Kwathu kuno chibale chimayenda ndi bere, mwamuna ndi tambala wobwereka. Atapereŵera munthu mmodzi, anadzibaya yekha mkono n'kuwonjezapo magazi ake.

Zotsatira zitabwera, dokotala anachita kuvina. Theka la gulu la Zakeyu linali ndi chizindikiro chimodzi chimene mwa odwala chinali chosowa.

"Izi sizingakhale mwangozi," anatero dokotala. "Konzekani ulendo, a Zakeyu."

Loweruka lake ku Nathenje kunagwa maliro a Isake, nkhalamba imene moyo wake wonse inkatuta fodya pangolo mudzi ndi mudzi. Zakeyu anapita ndi mayi ake, a Felesiya, mtima uli kale ku Blantyre.

Wolankhula m'malo mwa banja anatsokomola. "Pano ndi matipate, zobisa zinatha. Ana onse a malemu aimirire, tiwaone."

Anaimirira wina. Kenako wina kuseri kwa nkhokwe. Zakeyu anayamba kuwazindikira: uyu anamubaya kumsika, uyo kudambo, azimayi awo pachigayo. Onse makutu otambalala ngati a malemuwo. Ngolo ija sinkangotuta fodya ayi.

Theka lija la gulu lake linali ana a bambo mmodzi. Kosi yapita. Sutikesi ija azisungiramo mtedza basi.

Ali mkati moganiza mmene akawauzire dokotala, anamva chigongono m'nthiti. Anali a Felesiya, maso ali pansi.

"Ukudikira chiyani iwe? Imirira."