Mzere Wouma M'dimba la Mayi Effie

Mbewu siziuma pamzere wowongoka ngati munthu wakoka chingwe. Mayi Effie ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kwa masabata atatu ankalowa m'kadimba kawo ka ku Barking, mumzinda wa London, mwamantha. Mzerewo unayambira pampanda, n'kudula pakati pa maungu ndi bonongwe, n'kukathera pakanyumba ka makasu komwe malemu amuna awo, a Overton, anakhoma ndi manja awo. Kwina konseko kunali biriwiri.

Wina anali atawaloza, basi. Ndipo ankamudziwa: Chanda, mzimayi wa ku Zambia wa dimba loyandikana nalo, amene maungu ake sankabala.

"Ufitiwo munakwera nawo ndege, eti?" anakuwa Mayi Effie pampandapo. "Kovidi inandilanda mwamuna, inandilandanso mphuno, inu mukufuna ndiwo zanga?"

"Amama, nakuuzani kangati, pano panunkha," anayankha Chanda. "Monga mazira oola."

"Ukununkha ndi mtima wanuwo!"

Koma mkwiyowo unali wapakamwa. Mumtima munali mantha okhaokha, poti mzerewo unkatalika tsiku ndi tsiku, ndipo ankaona ngati ukulondola iwo.

Loweruka m'mawa anaganiza zowotcha zonse, choipacho chipsere pomwepo. Anakokera mayani oumawo pamzerepo, nagwada akupemphera mokweza. Ndodo yoyamba ya machesi inathyoka. Anasolola yachiwiri.

"Mayi! Osayatsa!"

Pageti panaima Weston, bambo wa ku Zomba amene ankapemphera naye kutchalitchi cha ku Lewisham. Anali atavala jekete lachikasu la kampani ya gasi, m'manja muli ndodo yonunkhizira pansi. Ntchito yake inali kuyenda pamwamba pa mapaipi okwiriridwa kumvetsera ngati pena pabooka. Kabokosi ka m'chiuno mwake kankalira, pi-pi-pi, osapumira. Kumbuyo kwake kunali Chanda.

"Pansi pa mawondo anupo pali paipi ya gasi," anatero Weston, mawu ali otsika. "Yabooka. Ndi imene yapha mizu. Achemwaliwa ndi amene atiimbira foni."

Mayi Effie anacheukira kachipilala ka pampanda, kokhala ndi chizindikiro cha kampani. Zaka zinayi ankayangitsirapo nyemba, mpaka kanabisika.

"Machesiwo musawakhudzitse. Foni musaigwire. Imirirani pang'onopang'ono, bwerani kuno."

Mayi Effie sanasunthe. Anakoka mpweya ndi mphuno mwamphamvu, kawiri, katatu, koma sanamve kanthu. Imfa inali pomwepo, ikutuluka m'dothi lomwe ankalima okha, iwo osaimva. Ndodo ya machesi ija inali itagunda kale pabokosi lake, ndipo zala zinauma, osatheka kuzitambasula.

"Sindingathe, Weston. Mayo ine, sindingathe."

Weston asanamuletse, Chanda analowa atatseka mphuno ndi chitenje. Anawagwira dzanja lamachesilo, nalikoka kulisiyanitsa ndi bokosi, n'kuwadzutsa ngati wodwala wa m'wodi.

"Tiyeni, amama. Mukanitukwanile kunja."

Atafika pamsewu, galimoto za kampani zikubwera kudzatseka malowo, Mayi Effie anatambasula chikhatho. Ndodo ija inali itaphwanyika.

"Kukununkhabe kuno?" anafunsa.

"Pang'ono," anayankha Chanda.

"Ndiye tiyeni kutsogolo. Musandisiye dzanja. Kuyambira lero mphuno yanga ndinu."